Tchaja Yaikulu Inandilanda Chigayo

Mkazi wanga Bernadetta, mothandizana ndi mlongo wake Frackson, anandilakwira ine Nikodemo Muhala Loweruka pa 17 Meyi chaka cha 2025, masana dzuwa lili paliwombo, anthu akuwomba m'manja. Chondiwawa kwambiri n'chakuti munthu amene ankawomba m'manja kuposa onse tsiku limenelo ndinali ine.

1

Ndili ndi zaka 67. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5 ku mishoni, koma musandiyese mbuli. Ndinaphunzira kalekale kuti munthu akamakumwetulira kwambiri ndiye kuti pali chimene akufuna kwa iwe.

Ndinakwatira chikamwini kwawo kwa Bernadetta, kufupi ndi Njuli. Aliyense wakuno akudziwa tanthauzo lake. Munda ndi wa mkazi, malo a nyumba ndi a mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo mango amene unabzala ndi manja ako umathyola ukuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Mwini mbumba, amene mawu ake amamveka pa zonsezi, ndi mlamu wanga Frackson. Chinthu chokhacho chimene chinali changachanga pamudzi umenewo chinali chigayo. Ndinachigula ndi thukuta la zaka khumi ndi zisanu ku fakitale ku Limbe, ndinamanga nyumba yake m'mbali mwa msewu, ndipo ndinadikira zaka zitatu kuti a magetsi andikokere mawaya.

Mawaya ake si ngati a m'nyumba zanu ayi. Kwanuko kumalowa waya mmodzi wamoto, ndiyo singo fezi, magetsi a babu ndi wailesi. Kuchigayo kumalowa atatu, firii fezi, ndipo mota imafuna onse atatu akoke pamodzi. Mmodzi akafooka, mota imangong'ung'udza osazungulira, pamene mababu m'mudzi akuyaka bwinobwino. Ife eni zigayo timati fezi yagwa. Kwanga fezi inkakonda kugwa Lachinayi masana. Amayi anazolowera, ankasiya matumba awo pakhonde n'kudzabweranso dzuwa litapendeka.

M'dera lonse lija, firii fezi inali ya ine ndekha. Pamaliro ankandipatsa mpando.

2

Mwana wanga wamkazi Thandizo amagwira ntchito ya mu ofesi ku Limbe, koma anamanga kuseri kwa nyumba yathu monga mwa mwambo. Atatopa ndi kutaya masiku pamizere ya mafuta, anayitanitsa galimoto yamagetsi yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan.

Inafika mu Epulo. Ine ndinali nditaima pakhomo la chigayo, woyera ndi ufa mpaka m'zikope, ndipo sindinamve kalikonse. Ndinangomva hutala kumbuyo kwa miyendo yanga, n'kulumpha ngati ndaponda njoka.

"Ababa, kwerani!" anatero Thandizo akuseka pawindo.

"Uyilize kaye injini."

"Yalira kale."

"Usandinamize, mwana iwe. Ine makina ndimawadziwa. Chinthu chosalira sichigwira ntchito."

Ndinagwada kumbuyo kufuna paipi yotulukira utsi. Panalibe. Ndinakwera ndi ufa wanga womwewo, ndipo chinthu chija chinanyamuka mwakachetechete ngati mzukwa. Abale anga, ine amene sindinaseke pa ukwati wanga womwe, ndinaseka mpaka kutsokomola.

Pa Njuli anyamata a kabaza anatizungulira.

"Madala, yathera mafuta? Ikungotsetsereka?"

Ndinatsitsa galasi ndekha, ndi batani. "Iyi simwa mafuta, ana inu. Imadya zomwe chimadya chigayo changa!"

Tinadutsa pomwetsera mafuta. Mzere wa magalimoto unali utafika kuseri kwa msika, amuna amataye atakhala pa zigubu. Ndinawabayibitsa pang'onopang'ono ngati phungu. Ndinamuuza Thandizo kuti titembenuke tidutsenso. Tinadutsa katatu.

Koma vuto linaoneka msanga. Chingwe chimene chinabwera ndi galimotoyo ankachilowetsa pawindo n'kuchisomeka pa soketi ya m'nyumba, pomwe amasomeka ayironi. Akasomeka Loweruka m'mawa, batire linkadzaza Lamulungu tikuchokera ku Misa. Tsiku lina soketi inatentha mpaka kununkha pulasitiki.

"Pakufunika tchaja yeniyeni, yomanga pakhoma," anatero Thandizo. "Ndayitana katswiri."

"Wayitana katswiri bambo wako wa firii fezi ali moyo?"

"Mudzasankha ndinu, ababa. Amayi anena kuti tikusiyireni inu."

Pamenepo ndiye ndikanadzidzimuka. Pa zaka 38 za ukwati, Bernadetta anali asanandisiyirepo ngakhale kusankha mtundu wa nyemba.

3

Katswiriyo anabwera pa njinga yamoto, ndipo atavula chipewa ndinaona kuti ndi mzimayi. Dzina lake Nester. Anayendera nyumba ya Thandizo, kenako anati akufuna kuona bokosi la magetsi kuchigayo. Ndinapita kukatenga makiyi, n'kumusiya akucheza ndi Bernadetta amene ankaswa mtedza pansi pa mtengo wa mango.

Atamaliza kuyeza zonse, tinakhala pansi pa mtengo womwewo.

"Matchaja alipo a mitundu itatu, bambo," anatero Nester. "Yaing'ono ndi ya makilowati 7. Imagwira singo fezi, tingaimange pakhoma la nyumba ya a Thandizo, ndipo maola sikisi galimoto yadzaza. Yapakati ndi ya 11, yaikulu ndi ya 22. Ziwirizi zimafuna firii fezi, ndipo firii fezi pano ili kuchigayo kokha. Ine ndikuti mutenge yaing'ono, chifukwa galimoto iyi..."

"Mwamva, abambo ake a Thandizo?" analowerera Bernadetta osadzutsa mutu. "Yaing'ono. Zikuluzikuluzo ndi za mabwana a m'tauni, si za anthu a madeya m'makutu ngati ife."

Ndinatembenukira kwa Nester.

"Yaikuluyo imadzaza maola angati?" ndinafunsa.

"Pa galimoto yoilola, maola awiri. Koma iyi..."

"Basi, ndamva. Awiri."

Ndinamuyang'ana bwinobwino mayi uja. Ndinadziuza mumtima kuti ndamugwira. Ali ndi timatchaja tating'ono tomwe tamukanika kugulitsa, ndiye waona mdala wa kumudzi woti amutayire. Anthu ophunzira ndi mmene alili. Chabwino amasungira anzawo.

Nester anapuma mozama. "Bambo, mundimvere. Tchaja yaikulu iyenera kukhala pafupi ndi bokosi lanu, m'kati mwa chigayo. Fumbi la ufa ndi kunjenjemera kwa makina zingaiphe mwezi umodzi. Galimoto nayo siingagone panja m'mbali mwa msewu, iyenera kulowa m'katimo. Komanso mawaya anu anawayeza molingana ndi mota. Tchaja ya 22 ikakoka mphamvu zake zonse mota ikuzungulira, zonse zizima. Ndiye m'nyumba imene ija mukhala chimodzi, chigayo kapena galimoto."

"Aa, ndiye zalephereka," anatero Bernadetta akupeta mtedza wake. "Chigayo sangachisunthe amenewa. Paja achimwene ananena kale kuti alamu awo mawaya ndi atatu koma mtima ndi wa singo fezi."

"Anatero Frackson?"

"Ine ndangobwereza."

Ndipo taonani zodabwitsa. Frackson yemweyo anatulukira pa njinga yake, ati amangodutsa. Munthu wokhala kufupi ndi Namadzi, kungodutsa pakhomo panga Lachiwiri m'mawa! Anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu mwachisoni.

"Alamu, musadzivute," anatero. "Tengani kakang'onoko. Ngakhale kuti... ayi, ndisanene."

"Nenani."

"Ndimati ine ndili ndi shedi yopanda kanthu kwathu, paja ndinkafuna kuika makina a matabwa zinakanika. Chigayo chikanatha kukhala kumeneko miyezi iwiri, inu mukumanga chipinda china kuseriku. Koma ndi ntchito yofuna munthu wolimba mtima. Isiyeni."

Ine Frackson sindinamukhulupirirepo chikwatirire mlongo wake. Ngakhale atandiuza kuti kunja kukugwa mvula ndimatulutsa dzanja kaye. Koma tsiku limenelo ndinali woledzera popanda mowa. M'maso mwanga ndinkaona chikwangwani pamsewu cholembedwa dzina langa. Ndinkaona magalimoto osalira akuchokera ku Zomba, akuima pakhomo panga, mabwana akutsika n'kunena kuti, "A Muhala, tithandizeni moto." Ndinkadziona nditavala jekete, chingwe chili m'manja.

"Ababa," anatero Thandizo, "a Nester akuti yaing'ono ikukwana."

"Galimoto ya mwana wa Muhala siyamwa pa kawaya ka wailesi. Tikugula ya 22."

Bernadetta anawerama kwambiri pa lichero lake. Mapewa ake ankagwedezeka. Ndinayesa akutsokomola.

4

Ku Limbe ndinapita nditavala suti imene ndinasokera ukwati wa Thandizo. M'sitolomo matchaja anali atawapachika pakhoma ngati zithunzi za oyera mtima, ndipo ine ndinalunjika pa wamkulu wa onse, bokosi loyera la nyale yabuluu.

Wogulitsa, bambo wandevu, anafunsa kuti, "Galimoto yanu imalandira makilowati angati?"

"Imalandira onse," ndinayankha.

Anatuluka panja, anatsegula kachitseko ka pamphuno pa galimoto, n'kuwerenga ndi chala. "Apa pali mabowo asanu. Tchaja mukufunayo ili ndi mabowo seveni. Chingwe cholumikizira tili nacho, mutu wina wa seveni, wina wa asanu, ndipo igwira ndithu. Koma madala, mabowo awiri akusowawo ndiwo mafezi anu awiri aja."

Ndinamumwetulira. Ndinangodziwa kuti Nester anamuimbira foni. Anthu amenewa amadziwana onse.

"Achimwene," ndinatero, "ine ndakhala ndi firii fezi inu musanamere ndevuzo. Kulungani."

Anayang'ana Thandizo. Thandizo anayang'ana kudenga. Bokosi lija ndinalinyamula pamiyendo njira yonse ngati khanda lochokera ku ubatizo, ndipo pa mabampu ndinkamukalipira mwana wanga kuti ayende bwino. Kunyumba ndinaliika pampando wanga, ine n'kukhala pa mpasa.

5

Loweruka pa 17 Meyi, Frackson anafika m'mawa ndi lole ndi amuna anayi. Inali nyengo yokolola, nyengo imene chigayo chimalira osapuma. Amayi anali atafika kale ndi chimanga chatsopano pamutu.

"A Muhala, nanga ife tikagayitsa kuti?"

"Miyezi iwiri yokha, amayi! Pitani kwa alamu. Kuno kukubwera chitukuko!"

Mabawuti a mota ndinamasula ndekha, ndikuimba nyimbo ya Gloria. Amuna aja atalephera kunyamula, ndinavula malaya n'kuwathandiza. Ndi manja angawa ndinakweza chigayo changa pa lole ya Frackson, ndipo lole itanyamuka ndinaimenya pambali ngati mmene umatsanzikira mnzako.

Tinasesa ufa wa zaka 24. Nester anaboola khoma, anakoka waya wonenepa ngati chala chachikulu, anaika chozimitsira chake chapadera, anakhomeranso chitsulo pansi kunja kuti magetsi akalusa azithawira m'nthaka. Ntchito ankaidziwa, chimenecho sindingamunamizire.

Pofika masana pakhomo panali podzaza ngati pa chinkhoswe. Anabwera a kabaza, aphunzitsi, amayi a kwaya, ngakhale wogulitsa nyama anatseka malo ake. Bernadetta anavala chitenje chake cha kutchalitchi. Thandizo analowetsa galimoto chafutambuyo, batire lili pafupi kutha. Ine ndinakwera pa mpando.

"Abale ndi alongo! Onani wotchi. Nthawi ili 12 koloko. Ikamakwana 2 koloko galimoto iyi ikhala itakhuta, ndipo ndikukwezani anayianayi mpaka pa Njuli!"

Ndinasomeka chingwe. Nyale yabuluu inasanduka yobiriwira. Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Bernadetta, mkazi wodandaula mawondo chaka chonse, analowa m'bwalo n'kuvina mpaka chitenje kumasuka. Ndinati mumtima, koma mayi ameneyu amandikonda ndithu. Ndinawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, ndinavina naye, anthu akukuwa kuti, "Madala! Madala!"

Itakwana 2 koloko ndinasuzumira m'galimoto. Timizere ta batire tinali tisanafike n'komwe pakati.

"Ikupuma kaye," ndinatero.

3 koloko. Aphunzitsi ananyamuka. 4 koloko. Amayi a kwaya anakumbukira kuti ali ndi mbuzi zomasula. Kenako wa kabaza wina anakuwa ali pa njinga yake:

"Madala, kodi fezi yagwa? Komatu lero si Lachinayi!"

Anthu anaseka. Anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inkayenerera. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, ena anagwirana mapewa. Ine ndinachita ngati sindinamve.

Ndinamukokera Nester pambali. "Mwandiikira yabodza."

"Tchaja ili bwino, bambo. Ikhoza kupereka 22. Koma galimoto ili ndi kamakina kake m'kati kolandirira magetsi, ndipo ka galimoto iyi kamalandira pa waya mmodzi basi, makilowati osafika 7. Inu mwini chigayo mukudziwa. Mutaika mota yaikulu ngati ya sitima, sefa ikakhala yomweyo, ufa umatuluka chimodzimodzi."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinayamba kawiri. Simunandilole kumaliza."

Batire linadzaza 6 koloko, pakhomo patatsala ine ndi nkhuku. Maola sikisi. Ndendende ngati kakang'ono kaja.

6

Ndinapirira miyezi iwiri ija. Ndinaumba njerwa, ndinaziwotcha. Mu Julayi ndinakwera minibasi kupita kwa Frackson.

Ndili patali ndinamva kulira kwake. Munthu sasokoneza mawu a chigayo chake. Nditafika ndinapeza achimangirira pa simenti yatsopano, achipaka utoto wobiriwira, mawaya atatu akulowa padenga. Mawaya amenewo sakokedwa sabata imodzi. Munthuyu anali atayamba kukonzeka kalekale. Pamzere panali amayi a kwathu, makasitomala anga, ndipo atandiona anayamba kuyang'ana m'madengu mwawo.

"Alamu!" anafuula Frackson atatambasula manja. "Mwabwera kudzagayitsa? Nanga thumba lili kuti?"

"Ndabwera kudzatenga chigayo changa."

"Chabwino kwambiri. Mukachiika pati?"

"Kuseri kwa nyumba yake yakale, yomwe pano ndi galaja. Njerwa zapsa kale."

Anakanda m'mutu. "Aa, pamenepo pavuta. Mbumba inakhala pansi, tinagwirizana kuti malo amenewo ndi a ana a Thandizo. Paja mukudziwa, alamu, mkamwini sakumba maziko mwini mbumba asanaloze."

"Munalonjeza pamaso pa anthu!"

"Ine ndinati ndisunga chigayo inu mukumanga. Sindinati mumange pati. Ndipo onani mmene ndikuchisungira. Makina akangokhala amachita dzimbiri."

"Ndiye galimoto ituluke, chigayo chibwerere m'nyumba mwake."

"Kauzeni mwana wanu. Ndinu munakwera pa mpando."

Ndinamuuza Thandizo madzulo omwewo akuchokera ku ntchito. Anandiyankha akupukuta galasi, osandiyang'ana.

"Ababa, ine ndinakupemphani kuti titenge yaing'ono. Munakana pamaso pa anthu. Nyumba ija ili pamalo a amayi. Kalankhuleni ndi amayi."

7

Bernadetta ndinamupeza kudimba m'mawa mwake akuthirira mpiru.

"Amake Thandizo, munapangana ndi mlongo wanu."

"Eya," anatero, ngati ndamufunsa ngati kwacha.

"Chifukwa chiyani? Chigayo chimene chinaphunzitsa mwana wanu? Chimene chinakufolererani nyumba ndi malata?"

Anaika kheni pansi n'kupukuta manja. "Tsiku limene anabwera Nester, inu mutapita kukatenga makiyi, ndinamufunsa funso limodzi. Ndinati, mwana wanga, iwe wodziwa magetsi, kodi fezi ingagwe Lachinayi lililonse 12 koloko, n'kudzuka yokha 1 koloko, zaka naini? Anandiyang'ana, n'kunena kuti, amayi, magetsi sadziwa kalendala."

Owerenga anzanga, apa ndi pamene ndakhala ndikuzungulira.

Fezi sinkagwa. Ndinkaigwetsa ndine, ndi dzanja langa, pa chozimitsira. Kunali mayi wina wamasiye wa cha ku Ndunde, wogulitsa tomato, dzina lake Josephine. Anabwera koyamba mu 2016 ndi ndowa imodzi ya chimanga, ndipo anaseka nditamuuza kuti ufa wake watuluka wosalala ngati tsaya lake. Panali patapita zaka zambiri munthu asanaseke zonena zanga. Lachinayi lotsatira anabweranso. Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse masana ndinkazimitsa mota, kulengeza kuti fezi yagwa, kubalalitsa amayi, n'kukhoma chitseko ndi mpiringidzo kuti ndikonze makina. Josephine ankalowera khomo la kumbuyo, kotayira madeya. Ndinkadziona wochenjera kwambiri. Ndani m'mudzi muno ankadziwa za mafezi kupatula ine?

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Chaka choyamba. Chigayo chanu chimamveka midzi inayi, abambo ake a Thandizo. Chikaima, midzi inayi imamva kuti chaima. Amuna ena amabisa, inu munkachita kuliza belu. Ndikapita kumjigo Lachinayi, amayi ankasiya kulankhula. Ana a sukulu ankati fezi ya a Muhala imavala chitenje chofiira. Kwa Nester ndinkangofuna kumva pakamwa pa munthu wa sukulu kuti si ine wamisala."

"Bwanji osayitana ankhoswe?"

"Kuti mudzawaphunzitse za mawaya atatu mpaka agone? Mukanakana. Kukuthamangitsani sindikanatha, tinalumbira pa guwa. Ndiye ndinaona kuti vuto si inu, vuto ndi nyumba ya zitseko ziwiri yomwe kiyi wake muli naye nokha. Achimwene anayamba kukonza shedi chaka chatha. Tinkangosowa njira yoti chigayo chituluke inu osatimangitsa. Kenako Mulungu anatumiza galimoto."

"Ndiye munagula Nester. Munagula wa m'sitolo uja."

Anaseka mpaka kukhala pansi pa mzere wa mpiru. "Sindinagule munthu. Onse aja anakuuzani zoona zokhazokha. Ine ndinangonena kuti yaing'ono ndiyo yokuyenerani. Zaka 38 ndikukuphikirani, ndingalephere kudziwa kuti mukauzidwa zoona mumathamangira kwina? Mabawuti munamasula nokha, mukuimba."

Anatola kheni yake n'kupita kuchitsime, akung'ung'udza nyimbo yomweyo ya Gloria.

Josephine sindinamuonenso pakhomo panga. Tinakumana kamodzi pamsika wa Namadzi, anandipatsa moni wa "mwaswera bwanji agogo", n'kupitiriza kuyala tomato.

8

Tsopano inu amene mukuwerenga, mwina mukuseka. Sekani, a kabaza anayamba kale.

Ngati mwana wanu wagula galimoto yosalira ndipo pakhomo panu pali firii fezi, musayambe ndi kufunsa kuti tchaja yaikulu ndi iti. Yambani ndi galimoto. Tsegulani kachitseko, muwerenge mabowo, mufunse kuti imalandira makilowati angati, pa waya mmodzi kapena atatu. Mufunsenso ngati mawaya anu angapirire tchajayo pamodzi ndi zina zimene mumayatsa. Ndipo katswiri akanena kuti "koma", tsekani pakamwa mpaka amalize. Ine ndinakhala moyo wanga wonse ndikulondera anthu onama, osadziwa kuti munthu akhoza kukugwetsa ndi zoona.

Za Josephine sindikukana. Ndinapita kwa bambo mfumu, ndinaulula, malipiro amene anandipatsa ndinachita onse mpaka mawondo kutupa. Ngati Bernadetta akanandimenya ndi mpini wa khasu pamaso pa mpingo, ndikanati ndalandira zanga. Ena a inu, makamaka amayi, mudzati mdalayu zamuyenera. Koma ndikufunseni. Tchimo lija linali langa, nanga chigayo chinali cha yani? Frackson ndinamuchimwira chiyani kuti adye thukuta langa la ku fakitale? Mkamwini akalakwa, kodi ndiye kuti ngakhale chimene anabwera nacho m'manja chimasanduka cha mbumba?

Ankhoswe akhala kawiri. Ulendo woyamba wa kuchimuna anadwala mwendo. Ulendo wachiwiri anafunsa kuti nkhaniyi tiyambire pa chigayo kapena pa chitseko cha kumbuyo, ndipo tinabalalika tisanagwirizane poyambira. Njerwa zanga zamera udzu. Magalimoto a ku Zomba sanaime ngakhale imodzi.

Pamene ndikulemba pano, chigayo changa chikulira pa simenti ya Frackson. Bernadetta sanapepese. Chimanga cha pakhomo panga ndimakagayitsa komweko, ndipo ndimaima pamzere.